Chimene Chimatsala Phiri Likafinyidwa

Funso lakuti kudziwa chinthu n'kutani, kaya n'kugwira lamulo limene chinthucho chimatsata kapena n'kuwerenga mbali zake imodziimodzi mpaka kumaliza, ndi lakale pakati pa anthu oganiza mozama ndi akatswiri a zaumulungu, koma m'zaka zino latulukira pamalo pamene ambiri sakanaliyembekezera, ndipo malowo ndi ntchito ya akatswiri a makompyuta amene amafinya manambala ofotokoza maonekedwe a zinthu kuti atenge malo ochepa. Mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi akuyenera kukhala chitsanzo pa nkhaniyi chifukwa anayezedwa kale ndi kusandutsidwa manambala. Kuyambira pa 11 mpaka pa 22 Febuluwale 2000, mvula ili pakati kuno kwathu, chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chinazungulira dziko chikuponya pansi mafunde a radar, amene mitambo siwatchinga, ndi kulandira obwerera, ndipo pa ntchito imeneyo, yodziwika ndi dzina la SRTM, anapeza msinkhu wa nthaka pa malo otalikirana mamita pafupifupi 30. Manambala athunthu a madera ambiri a mu Africa anaperekedwa kwa aliyense m'chaka cha 2014. Chigawo chimodzi cha mapuwa, chotalika digiri imodzi m'litali ndi m'lifupi, monga chimene muli boma la Dowa, Mponela ndi Madisi, chili ndi mizere 3,601 ya manambala 3,601 uliwonse, kutanthauza malo oyezedwa 12,967,201.

Kuti manambala otere asanduke chinthu chokhala ndi msinkhu, litali ndi lifupi, chimene munthu angachitembenuze pa kompyuta n'kuchiona mbali zonse, akatswiri amawaluka kukhala ukonde, umene m'Chingerezi amautcha mesh. Malo aliwonse oyezedwa amakhala mfundo ya ukondewo, mfundo zoyandikana zimalumikizidwa ndi mizere yowongoka, ndipo mizere itatu ikakumana imatsekera kachidutswa ka ngodya zitatu, kotero kuti phiri lonse limakutidwa ndi tizidutswa totere ngati dengu lovundikira. Ngodya zitatu zinasankhidwa pa chifukwa chomwe chija chimene mphika umakhalira pa mafuwa atatu osagwedera, pakuti mfundo zitatu zilizonse zimakhazikika pa malo amodzi athyathyathya pamene zinayi zimatha kutsimphina. Kuchokera pa lamulo limene Leonhard Euler anapeza m'zaka za m'ma 1750, zimadziwika kuti mu ukonde waukulu tizidutswa timachuluka pafupifupi kawiri kuposa mfundo, ndipo pa mfundo iliyonse pamakumana mizere pafupifupi 6. Kompyuta imasunga zonsezi m'mabiti, ndipo biti ndi yankho limodzi la inde kapena ayi, lolembedwa 1 kapena 0. Popanda kufinya, mfundo imodzi imadya mabiti 96 ponena pamene ili, ndi ena 192 ponena za tizidutswa tiwiri timene timagwera pa iyo, ndipo mtolo wotere ndi wolemera kwa munthu amene amagula intaneti ya pa foni ndi ndalama ya tomato.

Mlimi wa fodya wa ku Dowa amadziwa mtundu umodzi wa kufinya, pakuti akamadinda belo ndi jeke chimene chimachoka ndi mpweya wa pakati pa masamba, ndipo belo likamasulidwa ku okushoni tsamba lililonse limapezeka. Kufinya ukonde kuli ndi masitepe atatu, ndipo awiri omalizira okha ndiwo amafanana ndi kudinda belo. Sitepe loyamba ndi kudula manambala kuti akhale afupi, monga wogulitsa chimanga amene amayeza ndi ndowa osawerenga maso a chimangacho; Michael Deering, amene anayambitsa phunziroli ndi pepala lake la m'chaka cha 1995, anaonetsa kuti mabiti 32 pa nambala iliyonse ndi ochuluka kuposa amene diso limafuna. Nambala ikapatsidwa mabiti 12, mtunda wonse umagawidwa m'makwerero 4,096, ndipo chilichonse chogwera pakati pa makwerero awiri chimakankhidwira pa khwerero loyandikira. Chotayika pa sitepe imeneyi sichibwereranso.

Sitepe lachiwiri ndi kulosera. Costa Touma ndi Craig Gotsman, m'chaka cha 1998, anafalitsa njira imene imagwirabe ntchito lero: kompyuta ikadziwa kale mfundo zitatu za kachidutswa kamodzi, imayerekeza kuti kachidutswa kotsatira kadzakhala ngati koyambako katatembenuzidwa n'kuikidwa tsidya lina la mzere umene tizidutswa tiwirito tikugawana, ndipo potero imalosera pamene mfundo yachinayi iyenera kugwera. Chimene chimalembedwa ndi kusiyana kwa ulosiwo ndi malo enieni a mfundoyo, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kudzatchedwa chotsalira m'nkhani ino. Wolandira uthenga ali ndi lamulo lomwelo la kulosera, choncho amalosera yekha, n'kuwonjezerapo chotsalira, n'kupeza mfundo yeniyeni osaphonya. Pa chigwa cha kumadzulo kwa Dowa, kumene msewu wa M1 umadutsa pa Mponela ndi Madisi kulowera ku mtsinje wa Bua, nthaka imakwera ndi kutsika pang'onopang'ono, ulosi umalondola kawirikawiri, ndipo zotsalira zambiri zimakhala 0, 1 kapena 2. Kum'mawa, kuyambira ku Chezi ndi Mvera kumene msewu wa ku Salima umayamba kukhotakhota potsikira kunyanja, ndiponso m'matsitso a phiri la Ntchisi oyang'ana ku Nkhotakota, zigwembe ndi zitunda zimalandizana mosapatsa mpata, ulosi umaphonya kwambiri, ndipo zotsalira zimakula n'kumwazikana.

Sitepe lachitatu, limene ndilo mutu wa nkhaniyi, limagwira ntchito pa zotsalirazo. Claude Shannon, m'chaka cha 1948, anaonetsa kuti uthenga ungayezedwe ndi kukula kwa kudzidzimutsa kwake: chinthu chimene wolandira amachiyembekezera kale chimanyamula uthenga wochepa, ndipo chimene sanachiganizire chimanyamula wochuluka. Muyezo wa kudzidzimutsa kumeneku, ukatengedwa pa zizindikiro zonse pamodzi, anautcha entropy, dzina limene Rudolf Clausius anapanga m'chaka cha 1865 pophunzira za kutentha, ndipo Shannon anatsimikizira kuti palibe njira yolembera imene ingatsike pansi pa muyezo umenewo popanda kutaya kanthu. Njira zoyandikira malire amenewa zimatsata nzeru imodzi, yopatsa chizindikiro chachifupi chinthu chobwera kawirikawiri ndi chachitali chinthu chobwera patalipatali. Ngati chotsalira chimakhala 0 pa theka la mfundo zonse, 1 pa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo mitundu ina iwiri ikugawana zotsala mofanana, njira imene David Huffman anafalitsa m'chaka cha 1952 imapatsa 0 biti imodzi, 1 mabiti awiri, ndi mitundu inayo mabiti atatu uliwonse, kotero kuti mfundo iliyonse imadya mabiti 1.75 m'malo mwa 2. Njira ya Huffman ili ndi chilema chakuti siingalembe chizindikiro ndi biti yosakwana imodzi, pamene pa dambo lathyathyathya, pomwe 0 angabwere ka 9 pa ka 10 kalikonse, muyezo wa Shannon umatsika kufika pafupifupi theka la biti. Chilema chimenechi chinathetsedwa m'chaka cha 1976 ndi Jorma Rissanen ndi Richard Pasco, aliyense payekha, ndi njira ya arithmetic coding, imene imalemba uthenga wonse ngati nambala imodzi yaitali ya pakati pa 0 ndi 1. Ndipo njira ya Jarosław Duda wa ku Poland, yotchedwa ANS, imene imafika pafupi ndi malire omwewo koma mofulumira, ndiyo ili m'pulogalamu ya Draco imene Google inatulutsa m'chaka cha 2017. Kalumikizidwe ka mfundo nakonso kamafinyika modabwitsa: njira ya Edgebreaker ya Jarek Rossignac, ya m'chaka cha 1999, imayenda pa ukonde wopanda mabowo ikulemba chimodzi mwa zilembo zisanu pa kachidutswa kalikonse, ndipo siipitirira mabiti 4 pa mfundo m'malo mwa 192 aja.

Apa mpamene funso lakale lija limalowera. Entropy imanenedwa kawirikawiri ngati katundu wa chinthucho, monga kulemera kwa mwala, koma kufinya ukonde kumaonetsa kuti muyezowu umadalira awiri, chinthu ndi wochilosera. Phiri la Ntchisi lomwelo limadya mabiti ambiri kwa kompyuta yongodziwa lamulo la kachidutswa kotembenuzidwa, ndipo lingadye ochepa kwa ina yodziwanso mmene madzi amakumbira zigwembe ndi mmene mitsinje imalumikizirana. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo n'zoona, koma kusamveka kwa ng'omayo nthawi zina kumakhala vuto la khutu. Tsono ngati chotsalira chimachepa wolosera akamachenjera, m'pomveka kufunsa ngati chingathe kutheratu, ndiponso ngati kwa Mlengi, amene alibe umbuli, phiri lonse ndi lamulo limodzi lalifupi lopanda chotsalira.

Gottfried Leibniz, polemba m'chaka cha 1686, anafika pafupi ndi yankho la inde. Iye anati munthu atadontheza madontho pa pepala mwachisawawa, mzere wotsata lamulo linalake ungapezekebe wodutsa pa madontho onsewo, ndipo chimene anthu amachitcha chisokonezo ndi chinthu chimene lamulo lake ndi lovuta kwambiri. Za Mulungu anati anasankha dziko limene malamulo ake ndi osavuta koposa koma zotuluka mwa iwo ndi zochuluka koposa. Zaka zoposa mazana asanu ndi limodzi m'mbuyo mwake, Ibn Sina, amene anamwalira m'chaka cha 1037, anaphunzitsa kuti Mulungu amadziwa chinthu chimodzichimodzi kudzera m'malamulo okhudza zonse, monga katswiri wa nyenyezi amadziwira kadamsana kuchokera pa kayendedwe ka dzuwa ndi mwezi popanda kutuluka panja. Al-Ghazali, amene anamwalira m'chaka cha 1111, anaona chiphunzitso chimenechi ngati chimodzi mwa zitatu zochotsa munthu m'chikhulupiriro, chifukwa Mulungu wodziwa munthu mwa lamulo lokha sangadziwe kuti uje walapa lero, ndipo Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anaumiriranso kuti Mulungu amadziwa cholengedwa chilichonse pachokha. Mkanganowu, ukanenedwa m'mawu a lero, ndi wofunsa ngati nzeru ya Mulungu ndi yofinyidwa.

Masamu ali ndi mawu awiri pa nkhaniyi, ndipo onse amachepetsa chiyembekezo cha Leibniz ngakhale sachigwetsa. Oyamba amamveka kwa aliyense woweta nkhunda: nkhunda zikachuluka kuposa zipinda za m'khola, ziwiri zidzagona chipinda chimodzi. Mauthenga a mabiti 10 alipo 1,024, pamene mauthenga onse ofupikirapo, kuphatikizapo wopanda kanthu, alipo 1,023 okha, choncho palibe njira imene ingafupikitse onse n'kuwabwezanso osasokoneza, ndipo njira iliyonse yofupikitsa ena imatalikitsa ena. Achiwiri anachokera kwa Ray Solomonoff, Andrey Kolmogorov ndi Gregory Chaitin m'zaka za m'ma 1960, amene anayeza kuvuta kwa chinthu ndi kutalika kwa malangizo afupi koposa amene angachitulutse, ndipo zinapezeka kuti mindandanda yambiri ya manambala ilibe malangizo ofupikirapo kuposa iyo yomwe, komanso kuti palibe pulogalamu imene ingapeze malangizo afupi koposawo pa mndandanda uliwonse. Mzere wa Leibniz wodutsa pa madontho onse ulipodi, koma kawirikawiri kuufotokoza kumatenga malo ofanana ndi kungotchula madonthowo. Ngati phiri la Ntchisi lili m'gulu la zinthu zofinyika mpaka pansi, munthu alibe njira yotsimikizira kuti wafika pansipo.

Chiphunzitso chimene chinafika m'mapiri amenewa ndi Andrew Charles Murray ndi Theunis Vlok, pamene anatsegula mishoni ya Mvera m'dziko la mfumu Chiwere m'chaka cha 1889, chimenenso chinakhazikika pa Kongwe m'chaka cha 1894, chinabwera ndi zilankhulo zonse ziwiri, cha lamulo ndi cha kuwerenga chimodzichimodzi. Katekisma wa Heidelberg wa m'chaka cha 1563, amene mpingo wawo wa Dutch Reformed umatsata, amakana kuti mvula kapena chilala zimachitika mwangozi, ndipo pamenepa amagwirizana ndi Leibniz kuti palibe chotsalira chopanda mwini. Koma pofuna kutonthoza munthu, mpingo womwewo umathamangira ku Mateyu mutu 10, kumene nkhani ndi ya mpheta imodzi ndi ya tsitsi la m'mutu lokhala ndi chiwerengero chake, ndipo chimenechi ndi chilankhulo cha kuwerenga chimodzichimodzi. Kusiyanaku kuli ndi kulemera kwake, pakuti wodziwa lamulo la kameredwe ka tsitsi angathe kunena chiwerengero cha munthu wamba osayang'ana mutu wa wina aliyense, pamene wowerenga ayenera kukhala pafupi ndi mutuwo.

Chimene akatswiri a zaumulungu angaphunzire kwa akatswiri a makompyuta n'chakuti kufinya ndi luso la wosowa. Shannon anali pa kampani ya mafoni ya Bell, kumene funso linali lakuti waya mmodzi anganyamule zochuluka bwanji, ndipo Deering ankalimbana ndi kuchepa kwa njira yopita ku makina ojambula; palibe amafinya ali ndi nkhokwe yosadzaza. Malamulo afupi a chilengedwe ndi amtengo wapatali kwa munthu chifukwa mutu wake ndi waung'ono ndipo masiku ake ndi owerengeka, ndipo kunena kuti Mulungu ayenera kudziwa dziko mwa lamulo lalifupi ndi kum'patsa umphawi wa cholengedwa n'kuutcha ungwiro. Pa mfundo imeneyi Al-Ghazali ndi Aquinas anaona patali kuposa Ibn Sina. Cholakwa cha mbali inayo nachonso chiyenera kupewedwa, chija chouza anthu kuti Mulungu amapezeka m'chotsalira, m'zimene sayansi yalephera kulosera, pakuti mbiri ya kufinya ndi mbiri ya chotsalira chimene chikuchepa chaka ndi chaka, ndipo chikhulupiriro chomangidwa pamenepo chidzachepa nacho limodzi.

Komabe chotsalira sichinthu chachabe, ndipo Achewa anazindikira zimenezi kalekale. Munda wolimidwa bwino ndi mizere yofanana imene kompyuta ingailosere pafupifupi mwaulere, ndipo chimene chingadye mabiti ndi chulu chimene chaima pakati n'kukhotetsa mizere, chonsecho mlimi amadziwa kuti dothi la pachulu lili ndi chonde chimene amalimwaza m'munda. Nthano ya chiyambi imanena za Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, kumene anthu oyamba ndi nyama anasiya mapazi awo pa thanthwe lisanaume, ndipo chimene chimapatula thanthwe limenelo pakati pa matanthwe ena ndi timaenje timene lamulo la kachidutswa kotembenuzidwa silingatilosere. Chitsanzo choyandikira kwambiri chili m'manambala a SRTM omwe. Mafunde a radar amene anagwiritsidwa ntchito sankafika pansi pomwe pali mitengo yothithikana, ankabwerera ali m'nthambi, kotero kuti nkhalango ya Ntchisi inalembedwa yaitali kuposa nthaka yake; ndipo m'midzi ya ku Dowa, kumene mitengo yambiri inathera ku zigafa za fodya, makala ndi minda, nsitu umene umatsala kawirikawiri ndi wa kumanda, kumene nkhwangwa siloledwa ndipo Gule Wamkulu amatulukira. Nsitu wotere, ukakhala waukulu mokwanira, umaoneka m'manambala ngati kachitunda pamene palibe chitunda. Kwa injiniya wofuna kudziwa kumene madzi a mvula adzalowere, kachitundako ndi cholakwika choyenera kusalazidwa, ndipo sakulakwa pa ntchito yake. Kwa anthu a m'mudzimo ndi pamene pagona makolo awo. Entropy imanena mabiti amene kachitundako kadzadye, ndipo ilibe mawu pa funso lakuti ndani mwa awiriwa ayenera kumveredwa.

Shannon mwini anachenjeza kuti tanthauzo la uthenga silili m'masamu ake, ndipo chenjezo limeneli limagwiranso mbali ya zinthu zoloseredwa mosavuta. Wina akafunsidwa mmene wadzukira, yankho lake limadziwika asanatsegule pakamwa, ndipo mwa muyezo wa Shannon moni wa m'mawa ndi uthenga wopanda kanthu, chonsecho mkamwini amene angadutse apongozi ake osapereka moni, poti yankho likudziwika kale, adzaitanitsa ankhoswe. Pemphero lobwerezedwa Lamulungu lililonse ndi ng'oma ya gule imene aliyense amaidziwa zili m'gulu lomwelo.

Malo amene munthu amakhala ndi mlandu pa ntchito yonseyi ndi sitepe loyamba lija, la kudula manambala, ndi ntchito ina iliyonse yosalaza ukonde isanayambe kufinya kwenikweni, pakuti Huffman, Rissanen ndi Duda amabweza zonse zimene apatsidwa, ndipo chotayika chimatayika chisanafike kwa iwo. Mabiti 12 pa chinyau cha masentimita 30 amapereka makwerero osakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, okwanira kusunga zipsera za sompho la wosema, koma mabiti 12 omwewo pa chigawo cha makilomita 111 amapereka makwerero a mamita 27, amene amameza nyumba, chitsime ndi bwalo la mfumu. Wosankha nambala imeneyi akuweruza chimene chili choyenera kukumbukika, ngakhale iye amaona ngati akungodzaza kabokosi pa kompyuta. Nkhaniyi siilinso ya kutali, pakuti boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF anatsegula dera loyesera ndege zazing'ono zopanda woyendetsa ku Kasungu m'chaka cha 2017, ndipo sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe m'chaka cha 2020, kotero kuti amene adzaluke maukonde atsopano a mapiri a Dowa ndi Ntchisi adzakhala ana a dziko lino. Iwowa asunge manambala oyambirira osadulidwa pambali pa ofinyidwa, ndipo asanasalaze kachitunda kalikonse kamene ulosi sunakayembekezere, ayambe apita kwa nyakwawa ya mudziwo akafunse kuti pamenepo pali chiyani.